Anthu ali kuti pa chithunzichi?

Pali funso limene lakhala likundisowetsa tulo kuyambira chaka cha 2018, ndipo lero ndati ndilitule pano kuti tisenzane. Funso lake ndi ili: munthu akanena zoona zokhazokha, koma n'kusiya dala choona chimodzi chimene chikadasintha nkhani yonse, kodi wanama kapena sadaname? Musafulumire kuyankha, abale anga. Inenso ndidafulumira, ndipo yankho langalo lidakandichititsa manyazi pakhonde pa agogo anga.

Ine kwathu ndi ku Rumphi, kupitirira Bolero, m'mbali mwa msewu wopita ku chipata cha Thazima. M'chaka ndatchulacho ndidali kuphunzira utolankhani ku Blantyre, ndipo mwayi udandigwera wokaphunzira ntchito kwa miyezi itatu ku magazini ina ya mumzinda wa Johannesburg. Dzina la magaziniyo sinditchula, pakuti mlandu ndikukambawu ndi wanga. Ndidakwera basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge mpaka kukatsika pa Park Station miyendo itatupa. Anzanga ambiri m'basimo ankapita kukasaka maganyu, monga momwe azigogo athu ankapitira ndi Wenela kumigodi. Iwo adanyamula mphamvu za manja awo, ine ndidanyamula cholembera, ndipo ndisakubisireni, ndinkadzimva kuti ndine wina wake.

Magaziniyo idali ya anthu okhuta. Inkatuluka mwezi ndi mwezi, pepala lake lonyezimira ngati mbale yadothi yatsopano. M'kati mwake mudali nkhani za malo odyera a ku Rosebank, nyumba za ku Sandton, vinyo wa ku Stellenbosch, zovala, ndi malo okapumulako munthu akatopa ndi kuwerenga ndalama zake. Ntchito yanga idali yaing'ono: kuimba mafoni kutsimikiza mitengo ya zakudya, kulemba timawu tapansi pa zithunzi, kunyamula zikwama za wojambula. Ndidaphunzira zambiri, ndipo anthu ake adandisunga bwino. Izi ndiyenera kuzinena poyamba kuti wina asaganize kuti ndikubwezera chipongwe.

Tsiku lina tidapita kukajambula dimba la maluwa la nyumba ina yaikulu. Kapinga wake adali wosalala, maluwa ali mbuu mpaka kumpanda. Pakona padali bambo wina atavala ovolosi, akuthirira. Wojambula adandituma kuti ndikamuuze bamboyo asunthe pang'ono chifukwa akulowa m'chithunzi. Nditayandikira ndidamva akung'ung'udza kanyimbo ka kwathu. Ndidati, "Muli uli, adada?" Bamboyo adaponya paipi pansi, nkhope yonse kuwala. Adali wa ku Mzimba, ndipo dimbalo adalisamala zaka zisanu ndi zitatu. Tidacheza mphindi ziwiri, kenaka ndidanena zomwe adandituma. Iye adaseka n'kuti, "Palibe kanthu, mwana wanga, tidazolowera." Adakaima kuseri kwa galaja mpaka tidamaliza. Dimba lidatuluka m'magazini masamba anayi. Mwini nyumba adatchulidwa, galu wake adatchulidwa. Manja amene adadzala maluwawo sadaoneke. Pa nthawiyo sindidaone cholakwa. Ndidangoti ndi mmene ntchito imayendera.

Mwezi wachiwiri mkonzi wa masamba a zaulendo adamva kuti ndine wa ku Malawi, ndipo atafunsitsa adapeza kuti kwathu ndi kumunsi kwa Nyika. Adasangalala kwabasi. Adali ndi zithunzi zokongola za kumeneko koma adalibe wolemba mawu. Adati ndilembe mawu 800, ndipo dzina langa lidzaikidwa pamwamba. Kwa mwana wasukulu, imeneyo ndi mphoto yoposa malipiro. Usiku umenewo ndidaimbira mayi anga, mawu akunjenjemera.

Ndidalemba ndi mtima wonse. Ndidafotokoza kuti Nyika ndiye paki yoyamba m'Malawi, yokhazikitsidwa mu 1965, ndipo ndi yaikulu kuposa ena onse. Ndidalemba za mapiri ake oyalana ngati mafunde, za phiri la Nganda lotalika mamita oposa 2,600, za chisanu cha mwezi wa June ndi July chimene chimaumitsa udzu usiku, za mbidzi, ntchefu ndi akambuku, za maluwa a orchid a mitundu yoposa 200 amene amaphuka nthawi ya dzinja. Ndidatchula Chelinda, nyanja ya Kaulime ndi mathithi a Chisanga. Ndidakumbutsanso owerenga kuti munthu wa kwawo komweko, Laurens van der Post, adayenda pa Nyika mu 1949 ndipo buku lake lotchedwa Venture to the Interior lidatchukitsa malowa kunja. Zonsezi zidali zoona.

Koma ndidaikamonso ndime imodzi ya mizere isanu ndi iwiri. Ndidalemba kuti mu 1978 boma lidakuza pakiyi mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000, ndipo anthu zikwi zingapo, ambiri mwa iwo Aphoka, adasamutsidwa m'midzi yawo. Ndidalemba kuti agogo anga aakazi adali mmodzi mwa anthuwo, ndipo mayi anga adali kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi. Ndidati nthawi imeneyo, ya chipani chimodzi, munthu sankafunsa boma kuti chifukwa chiyani.

Mkonzi adandiitana. Adali mayi waulemu, sadakalipe. Adati, "Ndime iyi ndi yogwira mtima, koma si ya masamba athu. Owerenga athu amatsegula magaziniyi kuti apume. Ya ndale ili ndi malo ake." Adaidula ine ndikuona. Pamwamba pa nkhaniyo adaika mutu wake wokhala ndi liwu la Chingerezi lakuti untouched, kutanthauza malo amene dzanja la munthu silidawakhudzepo. Tsamba loyang'anana nalo lidali la kampani yogulitsa maulendo. Adandionetsa zonsezi zisadapite kosindikiza, n'kundifunsa ngati ndakhutira. Ndidayang'ana dzina langa litalembedwa ndi zilembo zakuda bii, ndipo ndidati, "Zili bwino kwambiri, zikomo."

Popita kogona madzulo amenewo, m'minibasi, ndidadziweruza ndekha n'kudzipeza wosalakwa. Ndidati: palibe chiganizo changa chimene chili chabodza. Mbidzi zilikodi. Chisanu chilikodi. Mutu sindidalembe ndine. Ndiye bodza langa lili pati?

Mu December ndidafika kumudzi ndi magazini atatu m'chikwama. Agogo sadziwa kuwerenga, koma maso awo adali akuthwa. Adakhala pamphasa, n'kuyala magaziniyo pamiyendo, n'kuyamba kusisita chithunzi chachikulu ndi chala. Adatchula dzina la kaphiri kena, dzina limene silili pa mapu alionse amene ndidaonapo. Adatchula kamtsinje. Adati kuseri uko n'kumene tinkalima mawere, apa m'pamene agogo ako aamuna ankapachika ming'oma ya njuchi. Adatembenuza tsamba, adabwereranso. Kenaka adakweza mutu n'kundifunsa m'Chitumbuka chawo, "Ŵanthu ŵali nkhu?" Anthu ali kuti?

Ndidayankha kuti pa chithunzipo palibe anthu chifukwa ndi paki. Adati, "Chimenecho ndikuchidziwa, ndidalipo. Ndikufunsa m'mawu ako aja. Wati walemba ndiwe. Tandiwerengera pomwe pali ife." Ndidawerenga nkhani yonse, ndikumasulira. Nditafika pa mutu paja lilime lidalemera. Ndidayesa kulumpha, koma mng'ono wanga wa Fomu 3 adali pomwepo, adamasulira yekha mokweza. Agogo sadakwiye. Adangoseka pang'ono n'kuti, "Ooo, ndiye kuti ife tidali anyani."

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuunguza zifukwa zomwe ndidadzikhululukira nazo, chimodzichimodzi, monga mayi asankhira nyemba.

Chifukwa choyamba chidali chakuti palibe nkhani imene imanena zonse. Ichi n'choona ndithu. Wolemba aliyense amasankha, ndipo mawu 800 sangasenze mbiri yonse ya phiri. Ngakhale pamaliro, wolankhula m'malo mwa banja satchula kuti malemu ankamwa mpaka kugona m'ngalande. Amanena za ana amene adawaphunzitsa, basi. Ndipo palibe amene amati wanama. Tsono ngati chete wa pamaliro si bodza, wanga adasiyana pati?

Ndaganiza, ndipo ndaona kuti kusiyana kwake kuli pa womvera. Pamaliro aliyense amadziwa za mowa wa malemu. Wolankhula akadumpha nkhaniyo sapusitsa munthu, onse agwirizana kuphimba mnzawo ndi nsalu yaulemu. Koma mayi wa ku Sandton wowerenga nkhani yanga sankadziwa kanthu za 1978, ndipo ine ndinkadziwa kuti sakudziwa. Adatseka magaziniyo akukhulupirira kuti Nyika idakhala yopanda anthu chilengedwere dziko, ndipo chikhulupiriro chimenecho adachitenga kwa ine. Bodza silikhala m'chiganizo chokha ayi. Limakhala m'chimene wasiya m'mutu mwa mnzako, uku ukudziwa. Wogulitsa ng'ombe amene akuuza zoona za nyanga, mchira ndi chikopa, koma osatchula kuti ng'ombeyo siimirira m'mawa, kumudzi timamutchula dzina lake, ndipo dzinalo si "wosankha mawu".

Komanso liwu lija silidali chete. Lidali kunena, ndipo lidanena zabodza. Pa Nyika pali ng'anjo zakale zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo. Pa thanthwe la Fingira pali phanga lokhala ndi zojambula za anthu akalekale. Nyanja ya Kaulime akuluakulu amaidziwa ngati malo a nsembe. Ngakhale mitengo ya paini imene alendo amaijambula ku Chelinda idachita kudzalidwa m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya atsamunda. Dzanja la munthu lili ponseponse pa phiri lija. Kuti mutuwo adalemba ndi wina sizindipulumutsa. Adandifunsa, ndidavomera, ndipo dzina lili pansi pake ndi langa.

Chifukwa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba, ndipo adandipatsa ndi msuweni wanga amene amaperekeza alendo oyenda pansi m'pakimo. Adati, "Iwe usadzivute. Nkhani yakoyo ikabweretsa azungu khumi, ana anga apita kusukulu. Ukawauza zolira, apita ku Zanzibar." Sindingamunyoze. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Rumphi timadalira fodya wa m'chigwa cha Henga ndi khofi wa ku mapiri a Phoka, ndipo mitengo ya zimenezi amatiikira ndi ena. Ndalama ya mlendo ndi ndalama. Ndiponso ine sindili m'gulu la onena kuti pakiyo ithe. Mitsinje imene timamwa ndi kuthirira imachokera pamwamba pomwepo, ndipo phiri likametedwa tonse tidzalira. Ndiye kodi kabodza kakang'ono kodyetsa ana n'koipa?

Yankho langa lili pawiri. Poyamba, ganizo lakuti mlendo amathawa choonadi ndi lonyoza mlendoyo. Ku South Africa komweko ndidaona anthu ali pamzere kulipira kuti alowe mu Apartheid Museum. Ku Cape Town alendo amakwera boti kupita ku Robben Island, ndipo amadzaza nyumba yokumbukira District Six, dera limene anthu ake adasamutsidwa mokakamiza monga ife. Eni dziko lija adaphunzira kuonetsa kukongola ndi chilonda pa tsamba limodzi. Chifukwa chiyani chilonda cha ku Rumphi chokha ndicho chiyenera kubisidwa kuti chakudya chilowe?

Kachiwiri, bodza limeneli lili ndi mtengo, ndipo olipira si owerenga. Ngati dziko lonse likhulupirira kuti pa Nyika sipadakhalepo munthu, ndiye kuti nkhalamba yopezeka m'malire ikufuna uchi kapena chinaka ilibe mbiri ina koma ya wakuba. Pempho lokaona manda a makolo limamveka ngati nthabwala. Ngakhale gawo la ndalama za pachipata limene limapita ku midzi yozungulira limaoneka ngati mphatso ya anthu achifundo, pomwe ndi kangongole kakang'ono pa ngongole yaikulu. Munthu ukamuchotsa m'nkhani, kumuchotsa pa bwalo la milandu sikuvuta. Choncho ana a msuweni wanga adya lero, inde, koma adya pogulitsa umboni wakuti agogo awo adali eni malo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chifukwa chachitatu ndicho chimene ndinkachikonda kwambiri: ndidali mwana, mlendo, wopanda mphamvu. Ndikadatani? Apa mpamene mbiri ya mzinda womwewo imanditsutsa. Magazini ya Drum, imene idayamba mu 1951, idalinso ya zithunzi za atsikana okongola, nyimbo za jazi ndi nkhonya. Koma mu 1952 mtolankhani wake Henry Nxumalo adafufuza ndi kulemba za nkhanza zimene antchito ankaziona m'minda ya mbatata ku Bethal, ndipo nkhaniyo idatuluka pakati pa zosangalatsa zomwezo. Iye adaika moyo wake pachiswe. Kwathu kuno, referendamu ya 1993 isadachitike, olemba ankakhala chete poopa Mikuyu, ndipo Jack Mapanje adakhalako kuyambira 1987 mpaka 1991. Amenewo tikhoza kuwamvetsa akadasankha kutseka pakamwa. Nanga ine ndinkaopa chiyani? Kalata yondiyamikira. Dzina pa pepala lonyezimira. Palibe amene akadandimanga. Ndikadatha kunena mwaulemu kuti, "Mayi, dulani ndimeyo ngati mufuna, koma liwu ili lokha lichoke, chifukwa mayi anga adabadwira pamenepo." Mwina akadavomera. Mwina akadakana, ine n'kupempha kuti dzina langa lichotsedwe. Sindidayese n'komwe. Makolo athu adatsekedwa pakamwa ndi mantha, ife a ufulu tikudzitseka tokha ndi dyera, ndipo sindikudziwa kuti mwa awiriwa womvetsa chisoni ndani.

Mpaka apa mwina mukuti nkhani yatha: mnyamata adalakwa, wavomera, ndime ija ikadatuluka zonse zikadakhala bwino. Inenso ndinkaganiza choncho, mpaka ndidachita chinthu china chopusa. Pofuna kudziyeretsa, ndidatsegula kompyuta yanga n'kuwawerengera agogo ndime yodulidwa ija, kuti aone kuti mdzukulu wawo sadawaiwale. Adamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka adafunsa, "Adakuuza ndani kuti ndinkalira?"

Ndidalembamo kuti agogo adachoka akulira, katundu ali pamutu. Palibe adandiuza. Ndidangoganiza kuti ndi mmene nkhani zotere zimakhalira, ndipo misozi imakometsa ndime. Agogo adati sadalire tsiku limenelo, adalibe nthawi, ankathamangitsa mbuzi ndi ana. Adati chimene chidawapweteka chidabwera pambuyo: malungo a kumunsi amene matupi awo ozolowera kuzizira sankawadziwa, ndi manda a mwana wawo woyamba amene adatsala kumtunda opanda wolambula. Za mwanayo ine sindinkadziwa n'komwe. Mayi anga adali ndi mkulu wawo, ndipo ine, wolemba mbiri ya banja kwa anthu a ku Johannesburg, ndidamva tsiku limenelo. Adamaliza ndi funso lina: "Ndipo iwe udandipempha liti kuti ukandionetse kwa azungu?"

Pamenepo ndidazindikira kuti ndime yanga yolungama ija nayonso idali ndi dyera lake. Ndinkafuna kuti mkonzi aone kuti ndine wolemba wozama, wochokera ku mavuto enieni. Mkonzi adachotsa agogo pa chithunzi kuti chigulike, ine ndidawaikapo atavala misozi yobwereka kuti ndigulike ndine. Tonse awiri sitidawafunse. Bambo wa ku Mzimba uja tidamuuza kuti asunthe, koma tikadamukoka n'kumuimika pakati pa maluwa kuti aoneke womvetsa chisoni, chipongwe chikadakhala chomwecho.

Tsono pa funso ndidayamba nalo lija, ine ndaima apa. Kusiya choona si bodza nthawi zonse. Kumasanduka bodza pamene womvera sakudziwa, iwe ukudziwa kuti sakudziwa, ndipo kusadziwa kwakeko kukudyetsa iwe uku kukudyera wina. Koma kunena choona nakonso sikukuyeretsa ngati choonacho ndi cha mwini wake ndipo iwe wachitola osagogoda. Wolemba ali ndi ngongole ziwiri, ina kwa wowerenga, ina kwa wolembedwa. Ine ndidathawa zonse ziwiri pa nkhani imodzi ya mawu 800.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli m'maofesi momwe mumalemba malipoti a mabungwe, timabuku tokopa alendo, kapena zolankhula za mabwana. Tsiku ndi tsiku wina amakuuzani kuti ndime iyi si ya masamba athu. Sindikuti muzisiya ntchito, ana adya chiyani? Ndikungoti musanavomere, dzifunseni kuti mukadzawerengera mwini nkhaniyo pakhonde pake, mudzalumpha mzere uti. Mzere umenewo ndiwo wofunika kuulimbira, ngakhale ndi mawu aulemu, ngakhale mugonje.

Agogo adatisiya mu 2021. Magazini ija adaisunga, ndipo tsamba la chithunzi chachikulu adalimata pakhoma ndi phala la ufa. Alendo akabwera ankawaonetsa, osati dzina langa, koma kaphiri kaja, n'kumatchula mayina a mabanja amene adali kuseri kwake, limodzilimodzi. Chaka chawo chomaliza ndidakhala nawo masiku anayi ndi kope, nditapempha kaye, ndipo adandiuza zoti ndilembe ndi zoti ndisalembe. Za mwana wawo woyamba adati ndikhoza kunena kuti adaliko, koma dzina lake likhale la banja. Mayina a mabanja aja ndili nawo, alipo 23. Tsambalo likadali pakhoma, lachita dzimbiri ndi utsi, ndipo pamene chala chawo chinkakhudza pepala lidayera mpaka kubooka.